Zilolezo zimene ofufuza a mayunivesite akunja amafunika kukhala nazo m'midzi

Ofufuza a mayunivesite akunja amafika m'midzi ya Angónia, Tsangano ndi Macanga kudzafunsa mafunso, kudzapima dothi, kapena kudzatenga mbewu ndi magazi. Ntchito yotereyi ili ndi malamulo ake, ndipo mapepala amayenera kukhala atatha alendowo asanaponde m'munda wa munthu.

Kawirikawiri yunivesite yakunja imayamba yasainirana mgwirizano ndi bungwe la muno m'Moçambique, monga Universidade Eduardo Mondlane, UniZambeze yomwe ili ndi sukulu ya zaulimi ku Ulónguè, kapena IIAM, bungwe la boma lofufuza zaulimi. Amalembanso ndondomeko yofotokoza cholinga, malo, nthawi, ndalama, ndi amene adzasunge zimene zapezeka.

Kafukufuku wokhudza thanzi la anthu amayamba waunikidwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku. Yaikulu m'dziko muno ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde, ya ku Unduna wa Zaumoyo. Chilolezo cha kwawo kwa ofufuzawo sichikwanira pachokha.

Mbewu zamakolo, mitengo yamankhwala ndi nzeru za anthu pa zinthuzi zimatetezedwa ndi Decreto 19/2007 komanso pangano la Nagoya, limene mayiko anagwirizana ku Japan mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2014. Moçambique ndi Malawi onse ali m'panganoli. Limati wotenga zinthuzi ayambe wapempha chilolezo, ndipo agwirizane ndi eni ake za kagawidwe ka phindu. Popanda mgwirizano wolembedwa, nyemba kapena chimanga chamakolo chikhoza kupindulitsa ena kutali, mudzi umene unachisunga osaonapo kanthu.

Pofika m'dera, ofufuza amanyamula kalata yotchedwa credencial. Amaionetsa ku ofesi ya boma ya distrito, pa nkhani zaulimi ku SDAE, kenako kwa mfumu. Komabe kuvomera kwa mfumu sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa munthu aliyense payekha. Mlimi amayenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chake, ndipo wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni. Ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira, popanda chilango.

Chilolezo chimathera pamalire. Kafukufuku wowolokera ku Dedza kapena Ntcheu amafunika zilolezo za boma la Malawi, ngakhale mabanja a mbali ziwirizi ali apachibale.