Msonkhano wa ku Paris wa 1992

Munthu amene amakhala ku Chinyonga mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 1992 sakanaganiza kuti mtengo wa sopo ndi shuga pa golosale ya kwawo ungasinthe chifukwa cha zokambirana za anthu ochepa amene anatsekerana m'chipinda ku France. Komatu umu ndi mmene dziko lapansi layendera kwa zaka zambiri. Chiyambire 1954 atsogoleri a ndale ndi eni chuma a ku Ulaya ndi ku America akhala akukumana kumsonkhano wotchedwa Bilderberg, kumene atolankhani saloledwa kudzatola nkhani, ndipo wotulukako saulula amene wanena mawu akutiakuti. Malaŵi sanaitanidweko kumeneko, koma anazilaŵa kale za misonkhano yotere. Mu Febuluwale 1949 Azungu a ku Rhodesia, motsogozedwa ndi Godfrey Huggins ndi Roy Welensky, anakumana mwamseri ku Victoria Falls popanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Kumeneko ndiko kudafesedwa mbewu ya chitaganya chimene chinadza mu 1953.

Msonkhano wa ku Paris unali wa mtundu wina pang'ono. Unali bwalo la maiko ndi mabungwe othandiza Malaŵi, wapampando wake nakhala Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Nthumwi za boma zinkapitako kukafotokoza zosoŵa za dziko, opereka ndalama nalonjeza zimene angathe. Kwa zaka zambiri nthumwizo sizinkabwerako chimanjamanja. Dr Kamuzu Banda anali bwenzi la maiko a kuzambwe chifukwa ankadana ndi chikomyunizimu, choncho za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ku Mikuyu palibe ankazifunsa mokweza. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, ubwenziwo unatha mchere.

Chaka cha 1992 chinali choŵaŵa. Kunagwa chilala choopsa, ndipo dziko linali likusunga anthu othaŵa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Pa 8 Malichi m'matchalitchi a Katolika munaŵerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kupondereza anthu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Ndipo kuchiyambi kwa Meyi antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito pofuna malipiro okwera. Moto unafalikira m'makampani ena, anthu a ku Ndirande ndi madera ozungulira nakhamukira m'misewu, masitolo a PTC naphwanyidwa. Apolisi anawombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa.

Patangopita masiku oŵerengeka maliro amenewa atachitika, nthumwi za Malaŵi zinakhala pansi ku Paris kupempha thandizo. Yankho linali lakuti chakudya cha anthu a njala ndi othaŵa nkhondo chipitirira kubwera, koma thandizo latsopano la chitukuko liimitsidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka boma litaonetsa poyera kuti layamba kulemekeza ufulu wa anthu. Akuluakulu adati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Boma limene linkadalira ndalama zakunja pa misewu, zipatala ndi sukulu linalibe koloŵera.

Zotsatira zake zinadza mofulumira, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe. Machipisa Munthali anatulutsidwa m'ndende atakhalamo zaka 27, Aleke Banda nayenso anamasulidwa. Mu Okutobala Dr Banda analengeza kuti kudzakhala referendamu, ngakhale kuti m'mwezi womwewo Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba. Koma ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu, katundu wochokera kunja nakwera mtengo. Amene anasenza mtolo umenewu si nduna ayi, koma kalaliki wa ku Chinyonga ndi mayi wogulitsa mandasi ku Bangwe, anthu amene sanafunsidwepo maganizo ndi wina aliyense wa m'chipinda chija.

Alipo amene amati demokalase ya Malaŵi inabadwira ku Paris. Maganizo amenewa amachepetsa anthu amene anaika moyo wawo pachiswe. Opereka thandizo anakhala chete kwa zaka zoposa 20, ndipo anatsegula pakamwa pamene maepiskopi, ophunzira a ku Chancellor College ndi antchito a mu Blantyre anali atayamba kale kulankhula. Iwo anangokankha chitseko chimene eni nyumba anali atachigwedeza. Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi anaima pamizere, kumdima kukali bii, kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo pafupifupi aŵiri mwa atatu aliwonse anasankha nyali ya zipani zambiri.