Magalasi a Bambo Disfarmer ndi Anthu a ku Heber Springs

Pamene tiphunzitsa ana mbiri yakale, kawirikawiri timachula maina a mafumu, a akazembe a nkhondo ndi a olamulira maiko. Mlimi wamba, mkazi wace ndi ana ace saoneka m'mabuku athu, ngakhale kuti anthu otere ndiwo oculuka m'dziko liri lonse. Nkhani iyi ndi ya tauni ina yaing'ono ya ku America, kumene nkhope za anthu wamba zinasungika m'nyumba ya munthu wojambula zithunzi. Muli phunziro m'menemo la ife aphunzitsi, pakuti nkhopezo zinatsala pang'ono kutayika, ndipo zitapulumuka panafunikabe anthu ozidziwa kuti anene eni ace.

Tauniyo dzina lace ndi Heber Springs, m'boma la Cleburne, m'cigawo ca Arkansas, m'mphepete mwa mapiri a Ozark. Inachuka poyamba cifukwa ca akasupe ace, amene anthu anali kukhulupirira kuti madzi ace aciritsa nthenda. Pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse okhala m'tauniyo sanafike 3,000, ndipo ambiri a m'bomalo anali alimi a minda ing'onoing'ono ya thonje ndi cimanga. Kuyambira caka ca 1929, pamene cuma ca America cinagwa, moyo wao unali wowawa, ndipo cilala ca 1930 cinaonjezera mabvuto ao. Tsiku Loweruka ndilo linali tsiku lao lobwera ku tauni kudzagulitsa zokolola, kudzagula zosowa za pa nyumba ndi kudzaonana ndi abale. Amene anatsala ndi kandalama kocepa anali kulowa m'nyumba ya wojambula.

Wojambulayo anabadwa m'caka ca 1884 m'cigawo ca Indiana, kwa makolo a mtundu wa Cijeremani, ndipo dzina lace loyamba linali Mike Meyer. Akali mwana banja lao linasamukira ku Stuttgart, m'cigawo ca Arkansas, ndipo m'caka ca 1914 iye ndi amai ace anadzakhala ku Heber Springs. M'mwezi wa November 1926 kabvumvulu wamkuru anapasula nyumba zambiri za m'tauniyo, pamodzi ndi yao yomwe. Pambuyo pace iye anali kugona m'nyumba yomweyo yojambuliramo, ali yekha, pakuti sanakwatire. M'caka ca 1939 anapita ku bwalo la milandu nasintha dzina lace kukhala Mike Disfarmer. Anali kunena kuti dzina lakuti Meyer litanthauza mlimi, tsono popeza iye sanali mlimi anasankha dzina lokana ulimiwo. Anali kuuzanso anthu kuti sanali mwana wa banja la Meyer, koma kuti kabvumvulu anamnyamula ali khanda namponya pakhomo pao. Anansi ace anamuyesa munthu wacilendo m'makhalidwe. Koma munthu yemweyo, amene anakana ulimi ndi dzina lomwe, ndiye anatisungira nkhope za alimi a m'boma lonselo.

Kuti timvetse m'mene zithunzizo zinasungikira, tiyenera kudziwa kajambulidwe kace. Disfarmer anapitiriza kujambula pa magalasi ngakhale pamene ojambula anzace ambiri anali atatembenukira ku filimu. Galasi lotere limapakidwa mbali imodzi mankhwala a siliva osanganiza ndi ulimbo wocokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Kuwala kukafika pa mankhwalawo, ndipo galasi likatsukidwa m'cipinda ca mdima, cithunzi cimaoneka motembenuka: poyera pamada, ndi pakuda pamayera. Tsono wojambula amagoneka galasilo pa pepala la mankhwala naliwalitsa, ndipo cithunzi cenicenico cimaturuka pa pepala, ukuru wace wolingana ndi wa galasi, ngati khadi la pa positi. Wojambulitsa anali kulipira masenti owerengeka, osakwana dola imodzi, natenga pepala kupita nalo kwao. Galasi linali kutsala kwa wojambula. Cotero caka ndi caka magalasi anali kuunjikana m'nyumbamo, munthu ali yense wa m'bomalo amene anajambulitsa nasiyamo nkhope yace osadziwa.

Nyumbayo inali ndi zenera lalikuru loyang'ana kumpoto. M'maiko a kumpoto dzuwa limayenda ca kumwera, cifukwa cace zenera lotere sililowetsa dzuwa lenileni, koma kuwala kofatsa kosasinthasintha. Kumbuyo kwa wojambulidwa kunalibe maluwa kapena nsanamira zopenta monga m'nyumba zina zojambulira. Kunali khoma lakuda, kapena loyera lokhala ndi mizere yakuda. Disfarmer sanali kuseketsa anthu kapena kuwanyengerera kuti amwetulire. Anali kucedwa ndi kukonza kuwala kufikira munthu ataiwala nkhope imene anakonzekera, natsala ndi nkhope yace ya masiku onse.

Cifukwa ca ici zithunzizo zitiuza zambiri. Timaonamo amuna obvala maovololo a kumunda, manja ao otupa ndi nchito, ndi mphumi zao zoyera pamene cipewa cinali kuphimba dzuwa. Timaonamo atsikana apacibale obvala madiresi a nsalu imodzi, ndi abwenzi ogwirana mapewa. Kuyambira December 1941, pamene America analowa m'nkhondo, zobvala za usilikali ziyamba kuculuka. Mnyamata aima pakati pa atate ndi amai ace asananyamuke. Mkazi anyamula khanda kuti cithunzi cikafike kwa atate wace wa mwanayo kutsidya la nyanja. Buku la mbiri lingatiuze caka cimene nkhondo inayamba ndi cimene inatha, koma nkhope ya amai ogwira mkono wa mwana wao wobvala yunifomu itiuza cimene nkhondoyo inatenga m'nyumba imodzi.

Disfarmer anamwalira m'caka ca 1959, ndipo mtembo wace unapezeka m'nyumba yojambuliramo. Munthu wina wa m'tauniyo anagula katundu wa m'nyumbamo ndi madola 5 okha, nasunga magalasiwo zaka zoposa 10. M'zaka zomwezo dziko la alimi aja linasinthika. Boma la America linamanga damu la Greers Ferry pa mtsinje wa Little Red, pafupi ndi tauniyo, kuyambira 1959 kufikira 1962, ndipo Pulezidenti John F. Kennedy anadzalitsegula pa 3 October 1963. Nyanja inamiza minda ndi malo okhalamo anthu, mabanja nasamuka, tauni nisanduka malo a alendo odzapumula ndi kuwedza nsomba. Moyo umene unali pa magalasiwo unali utapita, ndipo magalasi omwewo anali kuonongeka, pakuti tizirombo tosaoneka ndi maso tinali kudya ulimbo wosunga cithunzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 magalasiwo anafika m'manja mwa Peter Miller, mkonzi wa nyuzipepala ya m'tauniyo yochedwa Arkansas Sun. Iye anaphunzira katsukidwe kace napulumutsa pafupifupi 3,000. Atatero anayamba kusindikiza zithunzizo m'nyuzipepala kuti awerengi azindikire eni ace. Apa ndipo pagona mtima wa nkhani yathu. Galasi linasunga nkhope mokhulupirika, koma silikanatha kunena kuti uyu ndi mwana wa yani, anali kulima kuti, kapena ngati anabwerako ku nkhondo. Zimenezo zinali m'mitu ya okalamba a m'bomalo, ndipo mwai unali wakuti ambiri a iwo anali akali moyo. Pakadapita zaka zina 30 magalasi ali m'mabokosi, ambiri a odziwawo akadatha, ndipo tikadatsala ndi nkhope zokongola za anthu opanda maina.

Miller anatumizanso zithunzi zina kwa Julia Scully, mkonzi wa magazini ya Modern Photography ku New York. M'caka ca 1976 munaturuka buku la zithunzi zimene Disfarmer anajambula pakati pa 1939 ndi 1946, ndipo zinaonetsedwa ku International Center of Photography mumzinda womwewo. Magalasiwo anakasungidwa ku Arkansas Arts Center, ku Little Rock. Akuru anati mau a akuru akoma akagonera. Zithunzi nazo zinatero. M'caka ca 2004 wosonkhanitsa zithunzi wina wa ku New York, Michael Mattis, anatuma anthu kuyenda khomo ndi khomo m'boma la Cleburne kukagula mapepala enieni aja amene mabanja anasunga, ndipo m'caka ca 2005 zithunzi zimene zinagulidwa ndi masenti zinali kugulitsidwa ku New York pa madola zikwizikwi. Mabanja ena anapindula ndi ndalamazo. Koma tiyenera kuona kuti cithunzi cikacoka m'bokosi la agogo kupita pa khoma la mlendo, cimasiya kumbuyo anthu amene akanatha kucifotokoza. A ku New York anaonamo luso la wojambula. A ku Heber Springs anali kuonamo atate ao ndi alongo ao.

Mphunzitsi wa mbiri ayeneranso kucenjera pogwiritsa nchito mboni yotere. Cithunzi ca m'nyumba yojambulira cionetsa okhawo amene anafika ku tauni ndi ndalama m'thumba. Wosauka kwambiri ndi wodwala mulibemo. Cionetsa munthu pa tsiku limene iye anasankha, nthawi zambiri atabvala zabwino koposa zimene anali nazo. Sicionetsa munda, khichini kapena sukulu. Ndiponso cionetsa munthu monga wojambula anafunira kumuona: anthu a Disfarmer aoneka osamwetulira, koma tikanalakwa kuphunzitsa ana kuti ku Heber Springs kunalibe kuseka. Cifukwa cace mwana wa sukulu akapatsidwa cithunzi cakale, aphunzire kufunsa amene anacijambula, amene analipira, ndi cifukwa cimene munthuyo anafunira kujambulidwa tsiku limenelo.

M'midzi imene tiphunzitsamo muli zithunzi za mtundu womwewu, m'masutukesi ndi pakati pa masamba a mabuku: mnyamata amene anajambulitsa ku migodi natumiza kwao, msilikali m'yunifomu yace, akwati pa tsiku la ukwati wao. Ciswe ndi cinyezi ziri kuzidya, ndipo odziwa eni ace ali kucepa caka ndi caka. Nchito imene Miller anacita ndi nyuzipepala, mphunzitsi angaicite ndi kalasi lace. Uzani ana apemphe cilolezo kwa makolo, akhale pansi ndi agogo, nalembe kumbuyo kwa cithunzi ciri conse dzina la munthu, mudzi wace, mfumu yace, malo amene anajambulira ndi caka, ngati cidziwika. Alembe ndi pensulo yofewa, pakuti inki imalowerera niononga nkhope. Zimene agogo anena za munthuyo zilembedwe m'kope la sukulu, ndipo cithunzi cibwezedwe kwa eni ace tsiku lomwelo. Nchitoyi siifuna ndalama, koma ifuna kuyambidwa okalamba athu akali nafe.