Mfumu Darius ndi Maliro a Mitundu Yina

Masiku ano aphunzitsi a m'mayunivesite amuka ndi ophunzira ao ku maiko akutali, kukaona umo mitundu yina isungira akufa ao, monga ku Varanasi, kumene Ahindu atentha mitembo m'mbali mwa mtsinje wa Ganges. Koma phunziro limeneli nlakale ndithu.

Herodotus, mlembi wa Cigriki, asimba za Darius, amene analowa ufumu wa Persia m'caka ca 522 Kristu asanabadwe. Mfumuyo inaitana Agriki, amene anali kutentha akufa ao, niwafunsa cuma cimene akadalandira kuti adye mitembo ya atate ao. Anakana kwa mtu wa galu. Pamenepo, Agriki ali cimvere, inaitana anthu a pfuko la Callatiae la ku India, amene anali kudya makolo ao akamwalira, niwafunsa ngati akadabvomera kuwatentha. Iwo anapfuula, naipempha isachule coipa cotere.

Mitundu yonse iwiri inali kulemekeza makolo ao, koma uli wonse unayesa mwambo wa unzace conyansa. Cifukwa cace ife aphunzitsi, pamene ana athu aseka maliro a cilendo, tiyambe tawafunsa kuti: Kodi eni maliro atero cifukwa ninji?