Maloboti a ku Detroit ndi chingwe cha ku Fremont

Mawu akuti Industrie 4.0 adayamba kumveka mu 2011 pa chionetsero cha zamafakitale cha mumzinda wa Hannover ku Germany. Amanena za fakitale yomwe makina ake amalumikizana pa intaneti, ali ndi masensa oyeza kutentha, kunjenjemera ndi liwiro, ndipo kompyuta imatha kudziwiratu kuti makina akutiakuti atsala pang'ono kuwonongeka. Ife amene tili m'sukulu zaukachenjede timauzidwa kuti tsogolo ndi limeneli. Sindikutsutsa. Koma loto la fakitale yodziyendetsa yokha lidayesedwapo kale, ndipo idaliyesa ndi kampani yomwe panthawiyo inkapanga magalimoto ambiri kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Zomwe zidaichitikira ndikuona kuti aliyense wophunzira uinjiniya kapena zamalonda ayenera kuzidziwa.

Kampaniyo ndi General Motors, yomwe ambiri amangoti GM. Maloboti sadali achilendo kwa iyo. Sindikunena maloboti a pamsewu ayi, koma mikono yachitsulo ija yonyamula katundu ndi kuwotcherera. Loboti yoyamba kugwira ntchito m'fakitale, ya dzina loti Unimate, idaikidwa mu 1961 m'fakitale ya GM ku New Jersey, komwe inkanyamula zitsulo zotentha zongochoka m'chikombole. Idali ntchito yoopsa kwa munthu, choncho kuipereka kwa makina kudali kwanzeru.

Zinthu zidasintha mu 1980, pomwe GM idaluza ndalama koyamba kuchokera mu 1921. Mafuta adali atakwera mtengo, ndipo anthu a ku America adayamba kugula timagalimoto ta ku Japan tosamwa mafuta kwambiri komanso tosawonongeka wambawamba. Roger Smith, yemwe adakhala mkulu wa kampaniyi mu 1981, adaona kuti vuto lalikulu ndi anthu: malipiro awo ndi okwera, amachita sitalaka, amalakwitsa ntchito. Mankhwala ake adali kuchepetsa anthu n'kuchulukitsa makina. Mu 1982 GM idachita mgwirizano ndi Fanuc, kampani ya ku Japan yopanga maloboti. Mu 1984 idagula EDS, kampani ya zamakompyuta ya Ross Perot, pamtengo wa madola pafupifupi 2.5 biliyoni. Mu 1985 idagula Hughes Aircraft, yodziwa zamagetsi a ndege ndi zida zankhondo, pamtengo woposa madola 5 biliyoni. Ndalama zomwe idalowetsa m'mafakitale ndi m'makina pa zaka khumi zimenezo zidaposa madola 40 biliyoni.

Fakitale yomwe idayenera kuonetsa dziko nzeru zonsezi ndi ya Detroit-Hamtramck, yomwe idatsegulidwa mu 1985. Kuti imangidwe, mzinda wa Detroit udagwetsa dera la Poletown mu 1981, ndipo anthu oposa 4,000 adasamutsidwa, nyumba ndi matchalitchi awo n'kuphwasulidwa. Mkati mwa fakitaleyo mudali maloboti oposa 200 ndi tingolo todziyendetsa tokha tonyamula zipangizo. Komatu chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Maloboti opopera penti nthawi zina ankapoperana okhaokha m'malo mopopera galimoto. Oika magalasi akutsogolo ankawaswa. Tingolo tija tinkangoima panjira, mzere wonse n'kuima nato kwa maola, amisiri akufufuza chomwe chavuta m'mapulogalamu a kompyuta. Magalimoto ankatuluka ochepa kuposa momwe adakonzera, ndipo ambiri ankafunika kuwakonzanso asanapite kumsika.

Pa nthawi yomweyo, kutali kumadzulo kwa dzikolo, mumzinda wa Fremont ku California, kunkachitika zina. Kumeneko GM idali ndi fakitale yomwe idaitseka mu 1982 italephera nayo. Idali ndi mbiri yoipa: mowa pantchito, mikangano yosatha pakati pa akapitawo ndi bungwe la ogwira ntchito la UAW, komanso kujomba. Pa anthu asanu alionse, pafupifupi mmodzi sankabwera kuntchito tsiku lililonse. Mu 1984 fakitaleyi idatsegulidwanso ngati kampani ya NUMMI, ya GM ndi Toyota mogwirizana. Toyota inkafuna kuona ngati njira zake zingagwire ntchito ku America, pomwe GM inkafuna galimoto yaing'ono yabwino komanso kuphunzira chinsinsi cha anzawowo. Galimoto yoyamba, Chevrolet Nova, yomwe kwenikweni idali m'bale wake wa Corolla yomwe tonse timaidziwa m'misewu yathu, idatuluka mu December 1984.

Chodabwitsa n'chakuti Toyota sidabweretse makina ozizwitsa. Nyumba idali yomweyo, bungwe la ogwira ntchito lomwelo, ndipo ambiri mwa olembedwa ntchito adali omwe aja ankatchedwa osamva. Mazanamazana a iwo adatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kukagwira ntchito limodzi ndi anzawo a kumeneko kwa milungu ingapo. Atabwerako adaikidwa m'timagulu ta anthu ochepa, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake, ndipo ankasinthana ntchito. Adapatsidwa mawotchi kuti adziyezere okha nthawi ya ntchito iliyonse ndi kupeza njira yabwino yoigwirira, zomwe kale zidali za mainjiniya okha. Kampani idalonjeza kuti sidzachotsa anthu pokhapokha zitafika poipitsitsa, ndipo malonda a Nova atatsika mu 1988 idasunga lonjezolo, n'kugwiritsa ntchito nthawiyo pophunzitsa antchito.

Pamwamba pa mzere wopangira magalimoto padali chingwe chomwe a Toyota amachitcha andon. Wantchito aliyense akaona cholakwika, kaya bawuti yosamanga bwino kapena chitseko chosakhala m'malo, ankakoka chingwecho. Nyali inkayaka, mtsogoleri wa kagulu n'kuthamangira, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere unkaima. Kwa munthu wozolowera GM yakale izi zidali zosamveka, chifukwa kumeneko lamulo lidali loti mzere usaime zivute zitani. Galimoto yolakwika ipitirire, akaikonza kumapeto. Koma cholakwika chikakwiririka ndi zipangizo zina khumi, kuchikonza kumadya nthawi ndi ndalama zambiri, ndipo chomwe chidachititsa sichidziwikanso. Makolo adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Toyota idapereka chitsekocho kwa munthu amene amayamba kuliona vuto.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa magalimoto a Toyota. Sakichi Toyoda, bambo wa yemwe adayambitsa kampani ya magalimotoyi, ankapanga makina oluka nsalu. Makina ake a mu 1924 ankaima okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kuluka nsalu yowonongeka. Chifukwa cha ichi munthu mmodzi ankatha kuyang'anira makina ambiri. Kwa iwo, makina anzeru adali odziwa kuima n'kuitana munthu. Taiichi Ohno adadzakulitsa mfundo imeneyi m'mafakitale a magalimoto nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Zotsatira zake zidalembedwa. Ofufuza a pa yunivesite ya MIT, m'buku lawo la 1990 lotchedwa The Machine That Changed the World, adayerekeza mafakitale atatu momwe adalili mu 1987. Ku fakitale ya GM ya ku Framingham, kumanga galimoto imodzi kunkatenga maola 31 a ntchito. Ku Takaoka 16. Ku NUMMI 19. Pa magalimoto 100 alionse, ku Framingham kunkapezeka zolakwika 135, pomwe ku Takaoka ndi ku NUMMI zidali 45. Kujomba ku Fremont kudatsika kufika pa anthu awiri kapena atatu pa 100 alionse. Nayo GM yonse, ngakhale idawononga ndalama zonse zija, idabwerera m'mbuyo: mu 1980 pafupifupi magalimoto 46 pa 100 alionse ogulitsidwa ku America adali ake, koma pomwe Smith ankapuma mu 1990 adali atatsika kufika cha m'ma 35.

Wina anganene kuti luso la nthawi imeneyo lidali losakhwima, ndipo makompyuta a lero ndi amphamvu kutalitali. N'zoona, ndipo nayo Toyota lero imagwiritsa ntchito maloboti ambiri powotcherera ndi popenta. Koma taonani zomwe zidachitika m'nyumba yomweyo ya ku Fremont. NUMMI idatsekedwa mu 2010, GM italengezedwa kuti yagwa mu 2009 n'kutuluka mumgwirizanowo, ndipo Tesla idagula fakitaleyo. Pokonzekera galimoto ya Model 3, Elon Musk adadzaza mzere ndi maloboti ndi malamba oyendetsa zipangizo. Magalimoto adalephera kutuluka pa liwiro lomwe adalonjeza. Mu April 2018 Musk adavomera poyera kuti adapyola muyeso pa makina odziyendetsa ndipo adawapeputsa anthu. Patangopita miyezi yochepa, kampaniyo idamanga mzere wina m'chihema panja pa fakitale, momwe ntchito zambiri zinkagwiridwa ndi manja.

Phunziro lomwe ndikutolapo ine ndi lakuti makina amakulitsa chomwe apeza. Akapeza ntchito yolongosoka, yomwe aliyense amadziwa ndondomeko yake, amaifulumizitsa. Akapeza chisokonezo, amachifulumizitsanso, ndipo pamtengo wokwera. Loboti sidziwa kuti chitsulo chomwe yapatsidwa n'chopindika pokhapokha wina adaganizira zimenezo pasadakhale, ndipo amene amadziwa mavuto otere ndi amene amagwira chitsulocho tsiku ndi tsiku. GM idayesa kukopera NUMMI ku fakitale yake ya Van Nuys, koma popanda kukhulupirirana pakati pa mabwana ndi antchito sizidayende, ndipo fakitaleyo idatsekedwa mu 1992. Chingwe ndi chotchipa. Chodula ndi bwana wololera kuti wantchito wamba aimitse mzere osaopa kuchotsedwa.

Masensa a fakitale yamakono ndi zingwe za andon zikwizikwi zokokedwa ndi makina. Akhoza kukuuzani pa foni kuti injini yakutiyakuti yatentha. Koma uthengawo ukafika kwa munthu wopanda mphamvu yoimitsa makina, kapena woopa kukalipiridwa chifukwa katundu wa tsikulo sakwana, ndalama zogulira masensawo zalowa m'madzi.

Masomphenya a Malawi 2063 adaika mafakitale ngati umodzi mwa mizati yake itatu, ndipo ena mwa inu mudzakhala m'zipinda zomwe adzasankhiremo makina ogula, ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Wogulitsa adzabwera ndi kanema wokongola. Musanasaine, pitani kaye pamalo ogwirira ntchito mukafunse anthu a pamenepo chomwe chimawachedwetsa, katundu wowonongeka amachuluka pati, ndiponso chimachitika n'chiyani munthu akanena kuti pali vuto. Funsaninso amene adzakonze makinawo akadzaima usiku, ndi komwe masipeya ake adzachokere. Ngati mayankho a mafunso amenewa palibe, fakitaleyo sinakonzeke kulandira makinawo, ngakhale ndalama zitakhalapo.