Thumba la Chitukuko Likauma: Zomwe Zinachitika ku Porto Alegre

Anzanga a m'kalabu, mwezi uno gawo la mbiri ndalitenga ine. Ndati tikambeko za ndalama zomwe makhonsolo amapereka kuti anthu akonzere madera awo. Nkhaniyi timaikumbukira mvula ikagwa, ngalande n'kusefukira, kamlatho n'kukokoloka. Koma kunja kuno kuli mzinda womwe unayenda kale ulendo wonsewu: kutsegula thumba, kuona zipatso, ndalama n'kutha, thumba n'kutsekedwa.

Mzindawo ndi Porto Alegre, likulu la chigawo cha Rio Grande do Sul, kummwera kwa Brazil. Dzikoli linali pansi pa ulamuliro wa asilikali kuyambira 1964 mpaka 1985, ndipo mu 1988 linakhazikitsa malamulo atsopano omwe anapatsa mizinda mphamvu ndi ndalama zochulukirapo. Mu Januwale 1989, a Olívio Dutra a chipani cha anthu apantchito anakhala mfumu ya mzindawu. Iwo anayambitsa ndondomeko yoti anthu wamba azisankha okha ntchito zomwe gawo lina la bajeti ligwire. Mzinda unagawidwa m'madera 16, ndipo dera lililonse limachita misonkhano, kusanja zofuna zake, n'kusankha nthumwi zokaziimirira.

Musaganize kuti zinayamba bwino ayi. A Dutra anapeza khonsolo ilibe kanthu, ndalama zambiri zikuthera ku malipiro a ogwira ntchito. Anthu anabwera, kutchula misewu, madzi, masukulu, koma chaka n'kutha osaona chilichonse chooneka ndi maso. Chaka chotsatira anthu kumisonkhano anachepa. Inunso mukanapitanso? Khonsolo inaona kuti kuitana anthu popanda ndalama n'kuwaseweretsa, ndiye inakonza katoleredwe ka misonkho, makamaka wa nyumba ndi malo. Inakhazikitsanso lamulo loti dera losauka kwambiri komanso losowa zinthu kwambiri lizilandira gawo lalikulu.

Apa m'pamene zinthu zinasintha. Mu 1988, nyumba 75 pa 100 zilizonse ndi zomwe zinali zolumikizidwa ku mipope ya madzi ndi ya zonyansa. Pofika 1997 chiwerengerochi chinafika pa 98. Misewu ya fumbi m'madera a anthu osauka inathiridwa phula. Mu 1996, pamsonkhano wa United Nations wokamba za mizinda womwe unachitikira ku Istanbul, ndondomekoyi inatchulidwa ngati chitsanzo chabwino, ndipo mizinda yambiri padziko lapansi inayamba kutengera.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chipani cha a Dutra chinagonja pachisankho cha mu 2004. Atsogoleri atsopano sanathetse ndondomekoyi, koma ntchito zomwe anthu anavomereza zinayamba kuunjikana osagwiridwa. Mu 2017, mfumu ya mzinda Nelson Marchezan Júnior inaimitsa misonkhano ija ponena kuti khonsolo ilibe ndalama komanso kuti ntchito zakale zosamalizidwa zachuluka. Mzinda womwe unaphunzitsa dziko lonse unatseka wokha chitseko.

Ku New York nako zinachitika zofananirako. Mu 2011, makhansala anayi anapatula aliyense ndalama zosachepera 1 miliyoni ya madola kuti anthu a m'madera awo asankhe chochita nazo. Pambuyo pake ngakhale ana a zaka 11 analoledwa kuvota nawo, eti! Mu 2020 ndondomekoyi inaimitsidwa chifukwa cha Covid-19, koma mliri utazilala inabwereranso, ndipo anthu anayambanso kuvotera zinthu monga kukonza masukulu, mabwalo a masewero ndi kudzala mitengo.

Nanga ifeyo zikutikhudza bwanji? Kuno kwathu lamulo la maboma ang'ono linabwera mu 1998, ndipo makhansala anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha mu 2014. Zaka 9 zathunthu, pomwe ambiri a ife tinali makanda! Pakati pa zaka zimenezi, mu 2006, m'pamene thumba la CDF linayamba. Ndiye tisadabwe kuti makolo athu ambiri akafuna mlatho amathamangira kwa phungu, osati kukhonsolo. Chitseko chikatsekedwa nthawi yaitali, anthu amaiwala kuti chinalipo.

Ine pa mbiri imeneyi ndatolapo zinthu zitatu. Choyamba, thumba likamatsegulidwanso ndalama zili zochepa, akuluakulu anene poyera kuti zilipo zingati, kuti anthu asalote nyumba yosanja pomwe ndalama ndi za ngalande. Chachiwiri, ayambe kumaliza ntchito zomwe analonjeza kale asanalembe zatsopano, chifukwa chomwe chinafooketsa Porto Alegre ndi mulu wa malonjezo. Chachitatu, osauka kwambiri ayambe ndiwo, osati yemwe ali ndi mawu okwera pamsonkhano.

Ndipo ifeyo achinyamata tisamangodandaula pa WhatsApp basi. Tidziwe khansala wathu, tidziwe tsiku lomwe komiti ya chitukuko ya m'dera lathu imakumana, tipite ndi kope ndi cholembera. Akalonjeza, tilembe tsiku ndi ndalama zake, chaka chamawa tidzafunse. Pamsonkhano wathu ukubwerawu, aliyense abwere ndi ntchito imodzi yaing'ono yomwe akuona kuti ingatheke m'dera lake, tidzasanje limodzi.