Batire la njinga yamagetsi likatentha: gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

M'kati mwa batire la njinga yamagetsi muli timabatire tambiri ta lithium-ion totchedwa maselo, komanso kabolodi kamene amisiri amati BMS. Kabolodika ndi mlonda wa maselowo: kamadula magetsi batire likadzaza, likatsala pang'ono kutheratu, likachita shoti kapena likatentha mopyola muyezo. Kakayamba kutentha kapena kununkha pulasitiki wopsa, kawirikawiri vuto limakhala litayambira kwina, choncho kukasintha osafufuza gwero n'kungotaya ndalama.

Zomwe zimakatenthetsa

Magetsi onse opita ku mota amadutsa m'tizipangizo ta pakabolodipo totchedwa MOSFET. Mota ikamakoka ma amp ambiri kuposa omwe kabolodi kanapangidwira, monga pokwera chitunda ndi katundu wolemera, tizipangizoti timatentha mpaka kupsa. Waya wosagwira bwino, dzimbiri lobwera ndi madzi a mvula ndiponso tchaja yolakwika nazo zimayambitsa vutoli. Maselo a lithium-ion sayenera kutchajidwa kutentha kukaposa madigiri 45, mlingo umene batire losiyidwa padzuwa la mwezi wa October limafika mosavuta.

Kufufuza vuto

Choyamba ndi kuzula tchaja, kuchotsa batire panjinga ndi kuliika panja pa simenti, kutali ndi zinthu zogwira moto, mpaka litazizira. Batire lotupa, lotuluka utsi, lodontha kapena lolira ngati mpweya ukuthawa silitsegulidwa ndipo silikonzedwa.

Ngati zizindikirozi palibe, mmisiri amayamba ndi kuyeza tchaja ndi multimeter. Batire la 36V lili ndi magulu 10 a maselo ndipo tchaja yake imatulutsa 42V, pomwe la 48V nthawi zambiri lili ndi magulu 13 ndipo limafuna 54.6V.

Kenako amayeza gulu lililonse palokha kudzera pa timawaya ting'onoting'ono tolowa m'kabolodi. Gulu lodzaza limasonyeza 4.2V, ndipo magulu onse ayenera kukhala pafupifupi ofanana. Gulu lomwe latsika pansi pa 2.5V kapena lakwera kupitirira 4.25V ndi umboni woti maselo awonongeka, ndipo kabolodi katsopano sikangawachiritse. Koma maselo akakhala bwino, pomwe potulukira magetsi sipakusonyeza mphamvu yofanana ndi ya maselo onse pamodzi, vuto lili pa fyuzi, mawaya kapena kabolodi. Malo akuda pakabolodi, MOSFET yong'aluka ndi mtovu wosungunuka zimatsimikiza zimenezi.

Kukonza

Njira yodalirika ndi kuchotsa kabolodi konse, chifukwa kutentha kumene kwapsereza MOSFET imodzi kumakhala kutafooketsanso zinzake. Katsopanoko kafanane ndi kakale pa chiwerengero cha magulu ndi mtundu wa maselo, ndipo ma amp ake asachepere omwe mota imakoka.

Pochotsa, timawaya ting'onoting'ono ndito timayamba kuzulidwa. Poika, mmisiri amayamba kuwotcherera waya wamkulu wa B-, n'kutsimikiza ndi multimeter kuti timawayato tili mu ndondomeko yake asanatilowetse, kenako n'kumalizira ndi mawaya opita ku mota ndi ku tchaja. Kawaya kamodzi kakasemphana, kabolodi kamapsa nthawi yomweyo. Kachipangizo koyeza kutentha kabwezeretsedwe pamaselo, ndipo kutchaja koyamba kuchitikire panja, munthu akuyang'anira. Mphete ndi wotchi zimavulidwa ntchito isanayambe, pakuti chitsulo chikakhudza mawaya awiri chimachititsa shoti.

Njira yachidule yoopsa

Ena amalambalala kabolodi n'kulumikiza maselo mwachindunji kuti njinga iyende. Batire lotere lilibenso choletsa kudzaza mopyola muyezo, ndipo selo limodzi likayaka limayatsa anzake motsatizana, moto wake n'kukhala wovuta kuzimitsa. Mumzinda wa New York, moto wa mabatire a lithium-ion unapha anthu 18 m'chaka cha 2023, ndipo chaka chomwecho mzindawu unaletsa kugulitsa njinga zamagetsi ndi mabatire osapimidwa motsatira miyezo ya UL 2849 ndi UL 2271.

N'chifukwa chake ntchito yotsegula batire ndi ya mmisiri wodziwa zamagetsi. Mbali ya mwini njinga ndi kugwiritsa ntchito tchaja yoyenera, kudikira batire lizizire asanalitchaje, ndi kupewa kulitchaja usiku anthu ali mtulo kapena pakhomo lotulukira.