Kodi Mkono Wofa Udzagwiranso Khasu?

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la lero likunena za matenda ofa ziwalo, amene kuchipatala amawatchula kuti sitiroko. Matendawa amabwera pamene mtsempha wa magazi wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndiyo imalamulira mkono wa kumanja, motero ikavulala, mkonowo umalefuka. Matenda omwewa ndiwo anatenga mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Levy Mwanawasa, amene anadwala ali ku Egypt mu June 2008, namwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho.

Koma odwala ambiri amakhala ndi moyo. Mlimi akagonekedwa ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, abale ake amafunsa kuti, kodi adzagwiranso khasu? Kwa zaka mazana ambiri panalibe woyankha funso limeneli. Tamverani mmene yankho linapezekera.

M'chaka cha 1658, dokotala wa ku Switzerland, Johann Jakob Wepfer, anasonyeza kuti gwero la matendawa lili m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo. M'chaka cha 1924, Hans Berger wa ku Germany anaika timawaya pamutu pa munthu, najambula mphamvu yaing'ono ya magetsi imene ubongo umatulutsa pogwira ntchito. Kuyambira pamenepo zinatheka kuona zochitika mu ubongo popanda kung'amba mutu.

M'chaka cha 1951, Thomas Twitchell wa ku America anafalitsa zimene anaona pa odwala 121. Iye anapeza kuti mphamvu imabwerera mu mkono mwa dongosolo lake, ndiponso kuti amene ayamba msanga kugwedeza dzanja ndiwo amachira bwino. Kenaka m'chaka cha 1985, Anthony Barker wa ku Sheffield anapanga makina a maginito oika pamwamba pa mutu. Makinawo akadzutsa ubongo, minofu ya dzanja imayankha ngati njira yochokera ku ubongo ikadali yamoyo.

Zina mwa nzeru zimenezi anazimanga pamodzi Cathy Stinear ndi anzake ku Auckland, m'dziko la New Zealand, m'chaka cha 2017. Pa tsiku lachitatu wodwala amauzidwa kukweza mkono cham'mbali ndi kutambasula zala. Akatha kutero ndi mphamvu, chiyembekezo chimakhala chachikulu. Akalephera, amamuyeza ndi maginito aja. Njirayi inalosera molondola mmene mkono udzakhalire pakatha miyezi itatu mwa odwala atatu pa anayi alionse.

Kuno kwathu, chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka chinayamba kuphunzitsa madokotala a matenda a ubongo m'chaka cha 2018. Komabe zindikirani kuti kuyeza phewa ndi zala sikufuna makina, kumangofuna maso ndi manja a munthu wophunzitsidwa.

Tsono inu ana, kumbukirani izi. Mukaona agogo kapena amalume apotoka pakamwa, mkono walefuka, kapena mawu sakumveka bwino, itanani akuluakulu awatengere kuchipatala msanga. Akabwerera kunyumba, athandizeni kulimbitsa mkono tsiku ndi tsiku monga alangizira a chipatala, pakuti miyezi itatu yoyamba ndiyo imene ubongo umachira kwambiri.

Aphunzitsi, funsani ana kuti ayale zaka zisanu zija, kuyambira 1658 mpaka 2017, pa mzere umodzi, ndi kulemba zimene zinapezeka m'chaka chilichonse.